Mchenga wa M'galaja ya Bwana

Madamu anatipatsa mpaka folo koloko.

Ananena ali chiimire pakhomo pa kachipinda kathu, atatsitsira masiki pachibwano, foni ili m'manja. Chikwama cha azakhali anga a Rosta anali atachikhuthulira pansi. Zitenje, Baibulo, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, zonse mbwee pa matailosi.

"Mwamuna wanga akangofika kuchokera ku ofesi, ndikuimbira apolisi. Khalas, zatha, Rosta. Zaka naini ndimakuyesa m'bale wanga."

Chinasowa chinali chibangiri cha golide cha mayi a Madamu. Mayiwo anali atamwalira ndi korona kwawo, Madamu n'kungoonera maliro pafoni chifukwa ndege zinali zitaima. Lamulungu limenelo, lomwe ku Dubai linali tsiku la ntchito, ankakwanitsa masiku makumi anayi chimwalirire, ndipo Madamu ankafuna kuvala chibangiricho popemphera ndi abale awo pa vidiyo. Atatsegula kabokosi, anapeza mulibe.

Azakhali anagwada. Munthu wa zaka makumi asanu, mlongo wa bambo anga, amene kwathu ku Lunzu akamalankhula amuna amakhala chete.

"Madamu, Mulungu akundiona. Sindinakhudze."

Madamu sanawayang'ane. Anatembenukira kwa ine n'kundiyandikizira foni kumaso.

"Iwe Hildah. Unachionapo ichi?"

Pachithunzipo panali chibangiri chachikulu, chozungulira ndi timaluwa ta utoto wolimba ngati wa pa mbale zachitsulo, ndi dzina la mayi awo lolembedwa ndi utoto womwewo. Buluu wowala, wakuthwa m'maso.

Buluu ameneyo ndinali nditamuona. Osati pamkono pa munthu ayi. Ndinamuona Lachinayi madzulo, pansi pa poto.

"Ayi, Madamu," ndinatero.

*

Ndifotokoze za poto, poti ndi pamene pali tchimo langa.

Ndinafika ku Dubai mu Januwale 2020 ndili ndi zaka naintini, nditangolemba mayeso a Fomu 4. Azakhali ndi amene anandipezera malo m'nyumba yomwe ankagwira ku Al Furjan, kuti ndizilera ana awiri ndi kuthandiza kukhitchini. Ine sindine wolankhulalankhula. Kusukulu aphunzitsi ankaiwala kuti ndilipo. Chimene ndinkadziwa kuti ndimachita bwino kuposa aliyense ndi kukwecha mapoto. Kwathu pamjigo poto wanga ankawala mpaka anzanga kudziyang'aniramo. Koma kuno anandipatsa siponji ndi sopo wonunkhira mandimu, ndipo mapoto ankangokhala mbuu, ngati nyumba ilibe mtsikana.

Matenda atatitsekera m'nyumba, Bwana anagula makina n'kuika m'galaja. Linali bokosi lachitsulo lofika pachifuwa, la galasi loonera mkati ndi mabowo awiri. M'mabowomo munkalendewera magolovesi akuda aatali, ngati mikono ya munthu amene watsekeredwa m'katimo. Pambali panali kompuresa ya thanki yofiira. Ukalowetsa manja m'magolovesi n'kuponda chopondera, mphepo inkathamangitsa mchenga pa chitsulo, dzimbiri ndi utoto n'kuyoyoka. Bwana ankayeretseramo zitsulo za njinga yamoto yakalekale.

Mchengawo sunali wa kuchipululu. Unali wogula m'matumba, wofiirira, wakuthwa bwino. Nditangouona, manja anandiyabwa.

Bwana anali atanena pamaso pa tonse kuti wokhudza zawo m'galaja, tsiku lomwelo akubwerera ku ejensi yopezera anthu ntchito. Ine ndinamva. Koma kuchipinda chochapira kunali kachitseko kolowera m'galajamo, ndipo pansi pa bokosi panali kachivundikiro kotulutsira mchenga. Ndinkatapa chitini cha mkaka chimodzi basi.

Tsiku loyamba ndinakwecha chiwaya chakuda cha Madamu mpaka chinayera mbee, ndikuyesa kuti ndi mwaye. Sunali mwaye, chinapangidwa choncho. Madamu anakalipa mpaka mawu kusasa, azakhali n'kunena kuti ndi iwo. Tili awiri anandikoka khutu nati ndisadzayerekezenso. Ndinasiya ziwaya zakuda. Mapoto oyera sindinasiye.

Lachinayi lija, titabwera koyezetsa korona, ndinatapa chitini china. Potsukuluza poto ndinaona timadontho ta buluu tatsalira pansi. Ndinangoti ndi utoto wa njinga.

Tsopano ndinadziwa kuti sunali wa njinga. Koma kunena kumeneko kunali kuvomera kuti miyezi itatu ndakhala ndikulowa moletsedwa n'kumatenga za Bwana, m'nyumba imene akufunamo wakuba.

*

Kuseri kwa nyumba, kumene timayanika zovala, kuli khoma lotisiyanitsa ndi aneba. Cha m'ma thwelofu, pamwamba pa khomalo panatulukira mutu wa Anti Selina. Ankalera khanda kunyumba inayo. Kwawo ndi ku Chipata, ndipo asanabwere kuno anagwirapo zaulonda pa sitolo yaikulu ku Lusaka, kusecha zikwama pakhomo. Chiyambire matenda sankaloledwa kutuluka geti, ndiye nkhani zonse ankazimvera ataima pa ndowa yovundikira.

"Lekani kulira, a Rosta, misozi sipereka umboni," anatero. "Manje tiyambe bwino. Madamu anachiona liti komaliza?"

"Lachitatu madzulo, akuti."

"Lachinayi munali kuti? Mmodzimmodzi."

Azakhali anapukuta m'maso ndi apuloni. "Madamu, ana ndi Hildayu anapita ndi dalaivala Che Asumani kukayezetsa korona, kuja amakutokosa m'mphuno uli m'galimoto. Anachoka naini, kubwera thuu. Bwana ananyamuka eyiti kupita ku ofesi. Ndinatsala ndekha, asisi. N'chifukwa chake akuti ndine."

"Simunatulukeko?"

"Kusitolo kokha. Bwana anaimba cha m'ma hafu teni, akuti ndikagule mandimu. Akuti osati pa kagolosale kapafupika, ndipite ku sitolo yaikulu ija."

"Wapansi? Dzuwa la Ogasiti?"

"Ola lathunthu, kupita ndi kubwera. Ndinafika lilime lili panja ngati galu."

"Anayamba akutumanipo mandimu abwana anuwo?"

Azakhali anaganiza. "Zaka naini, ayi. Munthu sadziwa n'komwe pamene pamakhala mchere."

Anti Selina anasuntha pandowa paja, ndowa n'kulira.

"Mverani. Lachinayi leveni koloko kamwana kanga kanadzuka kakukuwa. Ndinali nditangokagoneka. Kanadzutsidwa ndi chigayo chanu chija cha m'galaja. Ndikukumbuka chifukwa ndinatukwana, n'kupempha Mulungu andikhululukire. Chinalira mwina mphindi makumi awiri."

"Kompuresa? Koma m'nyumba munalibe munthu," anatero azakhali.

"Eya, mwanena nokha. Manje anaiyatsa ndani?"

*

Che Asumani, dalaivala wa Madamu, anabwera pakhoma paja monyinyirika, atangomaliza swala ya masana, madzi akadali m'ndevu. Ndi bambo wa ku Namwera, wolankhula ngati mawu aliwonse akuyamba wawayeza pasikelo.

"Ine ndine dalaivala, chemwali. Maso anga amaona msewu basi."

"Nanga thanki ya kompuresa amakhetsa madzi ndani? Msewu?" anatero Anti Selina. "Ndimakuonani ine, mutagwada pamenepo ngati mukukama mbuzi."

Che Asumani anatsala pang'ono kuseka, koma ataona nkhope ya azakhali analeka.

"Ndine, inde. Mphepo ya kuno ndi yamadzi. Kompuresa ikamakoka mphepo, madzi amatsalira m'thanki. Ukapanda kukhetsa, mchenga umanyowa n'kumatana, mfuti yake yopopera mchengayo n'kutsekeka. Bwana amaiwala, ndiye ndimatsegula ndine kampopi kapansi."

"Munakhetsa liti?"

"Lachitatu madzulo. Mpaka gwa."

"Kenako?"

Anayang'ana kuzenera la khitchini kaye. "Loweruka ndinatsegulanso, chizolowezi chabe. Panatuluka madzi. Theka la kapu, adzimbiri." Anakanda ndevu. "Thanki siichita thukuta yokha, chemwali."

"Lachisanu sichinalire chigayocho. Ndikanamva," anatero Anti Selina.

"Sichinalire. Lachisanu Bwana anandiuza kuti ndichotse mchenga wonse m'bokosi, ndikokenso ndi huva m'makona monse, ndikataye ku bini yaikulu ya kumsewu. Mchenga woti tinathira Lolemba. Nthawi zonse timaugwiritsa mwezi wathunthu."

Azakhali anagwira chingwe choyanikira. "Koma Bwana anali ku ofesi."

Che Asumani anatsitsa mawu. Mpweya wotentha wa m'makina oziziritsira nyumba unkatiwomba m'miyendo.

"Wallahi, izi simunamve kwa ine. Chiyambire Meyi kulibe ofesi. Anawachotsa. Amamanga taye m'mawa, n'kukaimika galimoto pansi pa nyumba ina ku Jumeirah Village Circle, n'kukhala momwemo ndi laputopu mpaka nthawi yoweruka. Ndinadziwa tsiku limene batire inawathera, anandiitana kuti ndikawalizire galimoto. Anandigwira dzanja, akuti Madamu asamve, ali kale ndi maliro."

"Ndiye mukanene, achimwene!" Mawu a azakhali anatuluka ngati a mwana. "Ndapota nanu. Mukanene zimenezi."

"Ndikanene chiyani, mayi? Kuti thanki inali ndi madzi? Wapolisi adzandifunsa kuti ndinaona ndani, ine n'kuti sindinaone munthu. Bwana adzangoti ndikunama. Viza yanga ili m'dzina lawo. Ndili ndi ana anayi ku Namwera, ndipo ngakhale atandithamangitsa lero, ndege yoti ndikwere ili kuti?"

Sanayang'anenso aliyense. Anapita kukakhala m'galimoto.

Anti Selina analankhula ngati akudziuza okha. "Kusitolo kuja wakuba ankayamba wadula chizindikiro, kenako n'kubisa malaya. Chibangiri cha dzina la munthu sungakagulitse chili choncho, ogula golide amafunsa. Uchotse dzina, uchotse maluwa, chatsala ndi golide chabe. Ndipo zochotsedwazo sizipita kumwamba. Zimagwera mumchenga." Anakweza mawu. "Che Asumani! Bini ija anatenga?"

"Loweruka m'mawa," anayankha ali m'galimoto.

Azakhali anakhala pansi, pa simenti yotentha, osamva n'kutentha komwe.

"Basi ndapita," anatero. "Hildah, mankhwala anga uwaike m'thumba la apuloni. Sindikudziwa ngati kumeneko amalola. Mwana wanga Edwin usamuuze, ali pafupi kulemba mayeso. Uzimuuza kuti foni yanga yafa."

Inali hafu thuu.

*

"A Rosta, pitani mukamwe madzi, mungagwe," anatero Anti Selina. "Iwe mwana, tsala."

Ndinatsala. Ndinkayang'ana zopanira zovala zili m'beseni.

"Chiyambire ndakwera pandowa pano sunalankhule."

"Sindilankhula kawirikawiri, Anti."

"Ndikudziwa. Koma masiku onse ukakhala chete manja ako amakhala akugwira kanthu. Lero wawabisa m'khwapa. Ine akuba ndinkawagwira poyang'ana manja, nkhope imanama. Onetsa."

Ndinatambasula. Nsonga za zala zinali zosupuka, m'zikhadabo muli kufiira kumene sopo sachotsa.

"Siponji siichita zimenezi," anatero.

Ndinayamba kulira ndisanayambe kulankhula, ndiye zonse zinatuluka mosokonekera: mjigo, chiwaya, kachitseko, chitini chimene chinali kuseri kwa mabotolo pansi pa sinki. Timadontho ta buluu ndinatchula pomaliza, motsitsa kwambiri moti anandiuza kuti ndibwereze.

"Unatapa Lachinayi? Nthawi yanji?"

"Titangofika. Thuu itangokwana."

"Ulipo wotsala?"

"Kuposa theka."

Anatseka maso. "Yesu wanga. Bwana wakolopa bokosi lonse ndi huva, osadziwa kuti m'nyumba mwake muli Mmalawi wokwecha mapoto." Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Manje tamvera. Ine khoma ili sindingalumphe. Madamu wanga akangondiona m'nyumba ya eni nthawi ya matenda ino, ndathera pomwepo. Che Asumani wawaona wekha. Upita ndiwe."

"Adzati wakuba ndine."

"Akhoza kutero."

"Adzandibweza ku ejensi, Anti. Amati kumeneko anthu akugona khumi chipinda chimodzi, ena akutsokomola."

"Akhoza kukubweza. Sindikunamiza ine. Iwe unatenga mchenga, azakhali ako sanatenge kanthu. Folo koloko mmodzi wa inu alowa m'mavuto, ndipo wosankha ndiwe." Kunyumba kwawo khanda linayamba kulira. Anatsitsa mwendo umodzi pandowa. "Dzina la Bwana usalitchule. Mawu ako ndi ake sangalimbane. Ungoonetsa, n'kunena tsiku ndi nthawi. Mkazi amamudziwa mwamuna wake."

Mutu wawo unazimiririka kuseri kwa khoma.

Ndinalowa m'khitchini, ndinatulutsa chitini, ndinachibwezeranso. Ndinasambitsa ana. Ndinachitulutsanso. Ndikanakonda kulemba kuti ndinathamangira kwa Madamu nthawi yomweyo, koma ola lathunthu linatha ndikuyenda pakati pa sinki ndi chitseko.

Kenako ndinamva geti ikutseguka. Bwana anali atafika, folo isanakwane.

*

Ndinawamvera ndili m'khitchini. Bwana ankalankhula mofatsa.

"Apolisi a chiyani, habibti? Adzatisunga mpaka mawa ndi mafunso. Tingomubweza ku ejensi, nkhani ithe."

"Sindikufuna kuti nkhani ithe. Ndikufuna chibangiri cha mayi anga."

Nditalowa, azakhali anali ataima pafupi ndi khoma, atavala kale nsapato zotulukira. Bwana anali atamasula taye. Madamu anali akudina manambala.

Ndinaika mbale yoyera pa tebulo la galasi. Chitini chinagunda tebulo mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira, onse n'kutembenuka.

"Hildah, tuluka," anatero Madamu, foni ili kukhutu.

Sindinatuluke. Ndinathira mchenga m'kasefa ka tiyi n'kuyamba kugwedeza pambali, monga timasefera ufa. Mchenga wofiirira unatsikira pansi pa thaulo limene ndinayala. Zotsala m'kasefa ndinazigugudira m'mbale.

Tizidutswa ta buluu, mwina makumi awiri. Tambiri tinali ngati mchere. Kamodzi kanali kokulirapo, ngati njere ya chitowe, kosongoka mbali imodzi, kali ndi kamzere ka golide m'mphepete.

Madamu anawerama. Ananyowetsa chala ndi malovu, anakatola, n'kukayandikiza kumaso. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Wazitenga kuti izi?"

"Mumchenga wa m'bokosi la m'galaja, Madamu. Ndinatapa Lachinayi thuu koloko, titangofika koyezetsa." Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina. "Ndakhala ndikutapa chiyambire Juni. Ndimakwechera mapoto. Chiwaya chija ndinawononga ndine, si azakhali."

"Wamva?" Bwana anaimirira. "Wavomera yekha! Amalowa m'galaja mwanga, amagwira makina anga. Ndi ameneyu. Onse awiri, ndi pachibale awa!"

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

Madamu sanachotse maso pachala chawo. "Lachitatu madzulo chibangiri ndinachigwira ndi manja angawa. Lachinayi mwanayu anali nane m'galimoto mpaka thuu, atanyamula mwana wako pamiyendo. Kuyambira thuu ndinali m'nyumba muno, ndipo makina ako akalira mpaka mawindo amanjenjemera. Sanalire."

"Ndiye ndi Rosta. Anatsala yekha."

"Azakhali anatumidwa mandimu," ndinatero.

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Anti Selina sanandiuze kuti ndinene zimenezo.

"Mandimu?" Madamu anayang'ana azakhali koyamba tsiku limenelo. "Mufiriji muli mandimu thumba lonse. Anakutuma ndani?"

Azakhali anapisa m'thumba la apuloni, anatulutsa mankhwala, anawabwezera, anatulutsa kafoni kawo kosweka galasi. Anafufuza pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, n'kupereka ndi manja awiri. Panali dzina la Bwana, Lachinayi, hafu teni.

M'foni ya Madamu munayamba kumveka mawu a mwamuna, aang'ono ngati a udzudzu, akufunsa m'Chiarabu kenako m'Chingerezi kuti vuto n'chiyani.

"Samir," anatero Madamu. Sindinawamvepo akutchula dzina la amuna awo motsitsa chotero. "Lachinayi unali ku ofesi?"

Bwana anayang'ana mbale, anayang'ana chitseko, kenako anakhala pansi pa mpando. Anaphimba nkhope ndi taye.

Mawu a m'foni anafunsanso.

Madamu anaikweza kukhutu. "Pepani," anatero. "Palibe vuto kuno. Shukran." Anadula.

Sanapepese kwa wina aliyense. Anangoti, osatiyang'ana, "Tengani ana mupite nawo kuseri. Mutseke chitseko."

*

Ana tinawaika m'chipinda chochapira ndi tabuleti yawo. Azakhali anafika pa makina ochapira n'kutsetsereka nawo mpaka pansi, miyendo tambalale. Ankapuma ngati athamanga. Ndinakhala pambali pawo, iwo n'kukokera mutu wanga paphewa pawo.

"Mwana wa achimwene anga," ankangobwereza. "Mwana wa achimwene anga. Iwe wosalankhula iwe."

Zoti mawa tidzakhala tikadali pantchito m'nyumba ya munthu amene alibe ntchito, palibe anazitchula. Kuchipinda chochezera kunkamveka mawu a Madamu okha, m'chinenero chawo, osakwera, osatsika.

Dzanja la azakhali linkasisita tsitsi langa. Kenako linaima.

"Buluu ameneyu unamuona liti?"

"Lachinayi."

"Nanga kudziwa kuti ndi wa chibangiri?"

Ndikanatha kunena kuti ndi Anti Selina amene ananditsegula maso masana. Akanakhulupirira. Anti Selina sakanandiulula.

"M'mawa," ndinatero. "Atangondionetsa chithunzi."

"M'mawa." Analibwereza ngati liwu la chinenero chachilendo. "Ndiye tsiku lonseli, Hildah?"

"Ndinkaopa, Azakhali."

"Inenso ndinkaopa."

Anachotsa dzanja lawo pamutu panga, pang'onopang'ono, n'kuliika pabondo pawo. Sanandikankhe, sanasunthe. Tinakhala choncho phewa ndi phewa, ine ndikudikira kuti dzanjalo libwerere.